Ntchito Imene Inabadwa ndi Nthomba

Mlangizi wa zaumoyo amene amafika pa sikelo m'mamawa, bokosi lozizira la katemera atalimangirira pa keliyala ya njinga, akupitiriza ntchito imene inayamba chifukwa cha nthomba. M'zaka za m'ma 1960 boma la Malawi linalemba anthu aganyu oti aziyenda m'midzi kutemera anthu matendawa. Kolera itabuka mu 1973 antchito a mtundu womwewo anatumidwa kukalimbana nayo, ndipo pang'onopang'ono ganyu uja anakhazikika n'kukhala ntchito ya alangizi ovala yunifolomu ya buluu aja. Nthomba yeniyeniyo inatha. Amayi ambiri amene amafola pa sikelo lero sanaionepo, moti ena amaisokoneza ndi katsabola.

Agogo amene anaiona sangaisokoneze. Inkayamba ndi kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya kwa msana. Pakapita masiku angapo m'kamwa munkatuluka zilonda, kenako matuza olimba odzaza mafinya ankayala kumaso, m'mikono, m'zikhato mpaka kumapazi. Mtundu wake waukali unkapha anthu pafupifupi 3 mwa 10 alionse odwala. Opulumuka ankatsala ndi nkhope ya zipsera zokumbika, ena n'kuchita khungu. Akatswiri amati m'zaka za m'ma 1900 zokha nthomba inapha anthu pafupifupi 300 miliyoni.

Komabe kulikonse kumene inkafika, anthu anaona chinthu chimodzi: amene wadwala n'kuchira sadwalanso. Nzeru yonse ya katemera inamera pamenepa, ndipo oyamba kuigwiritsa ntchito sanali madokotala a ku Ulaya. Ku China ankapera nkhanambo za wodwala n'kuuzira ufawo m'mphuno mwa munthu wabwinobwino. Ku India, ku Turkey ndi m'madera ambiri a mu Africa ankatema kamphini pakhungu n'kupakapo timafinya ta munthu amene nthomba yake inali yofatsa. Wotemedwayo ankadwala ndithu, koma kawirikawiri mopepuka, ndipo akadzuka anali wotetezeka moyo wake wonse.

Amene anakafikitsa nzeruyi ku Boston anali munthu wa ku Africa wogwidwa ukapolo, yemwe mbuye wake, mbusa Cotton Mather, anam'patsa dzina lakuti Onesimus. Iye anaonetsa Mather chipsera cha pamkono n'kumufotokozera mmene kwawo ankachitira. Nthomba itabuka mumzindawo mu 1721, Mather anapempha madokotala kuti ayese njirayo, koma anavomera mmodzi yekha, Zabdiel Boylston. Anthu anakwiya kwambiri, mpaka wina anaponya bomba m'nyumba ya Mather. Mliri utazirala anawerengetsa: mwa anthu pafupifupi 5,900 amene anadwala mwachibadwa, 844 anamwalira, pomwe mwa anthu oposa 240 amene Boylston anawatema, anamwalira 6.

Anthu 6 amenewo asaiwalike, chifukwa akuonetsa vuto la njirayi. Chimene ankapaka m'mphinimo chinali nthomba yeniyeni, ndipo wotemedwa ankatha kupatsira anzake. David Livingstone, m'buku lake la mu 1857, anasimba kuti Abakwena ankaidziwa bwino njirayi, koma m'mudzi wina anatenga mafinya kwa munthu wodwala nthomba yaukali, ndipo mudziwo unatsala pang'ono kutheratu.

Chimene Edward Jenner, dokotala wa ku Berkeley ku England, anachita chinali kuchotsa ngoziyo. Alimi a m'dera lake ankanena kuti wokama mkaka amene watenga tizilonda ta nthomba ya ng'ombe sadwala nthomba ya anthu, ndipo mlimi wina, Benjamin Jesty, anali atatemera kale banja lake mwa njira imeneyi mu 1774. Pa 14 Meyi 1796 Jenner anatenga mafinya pachilonda cha padzanja la Sarah Nelmes, mtsikana wokama ng'ombe, n'kutemera James Phipps, mnyamata wa zaka 8. Patapita milungu ingapo anam'paka nthomba yeniyeni, koma mwanayo sanadwale. Masiku ano palibe dokotala amene angaloledwe kuyesera mwana chotero, ndipo n'koyenera kuti asaloledwe. Jenner anabwereza pa anthu ena, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1798.

Iye sankadziwa chifukwa chake zinatheka. Tsopano n'zodziwika kuti kachilombo ka nthomba ya ng'ombe ndi ka nthomba ya anthu n'tapachibale. Kachilombo kachilendo kakalowa m'thupi, asilikali a m'magazi amakazindikira ndi maonekedwe ake akunja, amapanga zida zokagwirira, ndipo ena mwa iwo amakhala zaka zambiri akukumbukira nkhope yake. Pa ulendo woyamba ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi yokwanira kuti matenda aukali agwetse munthu. Katemera amapereka ulendo woyambawo popanda ngozi yake. Amaonetsa thupi kachilombo kofooketsedwa, kophedwa, kapena kachidutswa kake chabe, kuti mdani weniweni akadzabwera adzapeze alonda ali maso.

Kupeza katemera inali mbali yaing'ono ya ntchito. Yaikulu inali kumunyamula akadali wamphamvu. Mu 1803 mfumu ya Spain inatumiza dokotala Francisco Javier de Balmis kuti akafikitse katemera ku America, pa nthawi imene firiji kunalibe. Ananyamuka ku A Coruña ndi ana amasiye 22. Panyanja ankatemera awiriawiri, ndipo chilonda cha awiriwo chikapsa ankatengapo mafinya n'kutemera awiri otsatira, mpaka sitima inakocheza. Ana amenewo ndiwo anali bokosi la katemera, ndipo amene ankawasamalira anali mayi wina dzina lake Isabel Zendal.

Kuno ku Nyasaland mdani anali dzuwa. Katemera wa masiku amenewo anali wamadzi, ndipo akatenthedwa ankafa mphamvu. Wotemera ankatha kuyenda mtunda wautali, kusonkhanitsa mudzi wonse kwa a nyakwawa, kukanda mkono uliwonse, koma chimene wapakacho chili madzi chabe. Mliri ukabwera, otemeredwa omwewo ankadwala. Onjezanipo kuti katemera ankabwera ngati lamulo la boma lomwelo lotolera msonkho wa nyumba, ndipo simungadabwe kuti makolo ena ankabisa ana, ena n'kumakhulupirirabe mphini zawo zakale. Kuwatcha ambuli n'kuwalakwira, chifukwa nthawi zambiri ankaweruza ndi zimene maso awo anaona.

Zinthu zinasintha ndi zipangizo ziwiri zooneka zonyozeka. M'zaka za m'ma 1950 Leslie Collier wa ku Lister Institute anakonza njira youmitsira katemera kukhala ufa wopirira kutentha kwa milungu ingapo. Kenako Benjamin Rubin anapanga kasingano ka mphanda, kamene kakaviikidwa m'botolo kamatola kadontho kamodzi pakati pa mano ake awiri. Wotemera ankabaya mofulumira ka 15 pamalo amodzi pamkono, kadontho ka magazi n'kuonekera, basi. Munthu aliyense wanzeru zake ankaphunzira m'kanthawi kochepa, masinganowo ankawiritsidwa n'kugwiranso ntchito, ndipo botolo limodzi linkakwanira anthu ochuluka kuwirikiza kanayi. Ndi chifukwa chake ntchito yaikulu chotero inatheka ndi anthu wamba olembedwa ganyu.

Bungwe la WHO litalimbitsa nkhondo yolimbana ndi nthomba mu 1967, motsogozedwa ndi D. A. Henderson, nthomba inali yokhazikika m'mayiko 31 ndipo inkagwira anthu oposa 10 miliyoni pachaka. Kummawa kwa Nigeria, dokotala William Foege ataona kuti katemera wachepa, anasiya kufuna kutemera aliyense. Anayamba kufufuza odwala kudzera kwa amishoni ndi mawailesi awo, n'kutemera a pabanja, oyandikana nawo ndi a m'misika imene iwo ankapita. Alimi amene amalambula mphepete mwa munda kuti moto wolusa ukafika upeze popanda udzu akuidziwa nzeru imeneyi. Mliri unazima anthu ambiri asanatemeredwe n'komwe, ndipo njirayo inafalikira konsekonse.

Ku Malawi nthomba inaoneka komaliza mu 1971. Munthu womaliza padziko lonse kuitenga mwachibadwa anali Ali Maow Maalin, wophika pachipatala cha ku Merca ku Somalia, mu Okutobala 1977. Anachira, ndipo pambuyo pake anadzipereka kutemera ana poliyo mpaka pamene malungo anam'tenga mu 2013. Pa 8 Meyi 1980 msonkhano waukulu wa WHO unalengeza kuti nthomba yatheratu.

Otemera aja sanakhale manja lende. Mu 1979 Malawi inakhazikitsa ndondomeko ya katemera wa ana wa chifuwa chachikulu, poliyo, chikuku, kafumbata, chifuwa chokoka mtima ndi difiteriya. Akatemera ambiri mwa awa sapirira kutentha ngati ufa wa Collier uja, choncho vuto lakale linabwerera: firiji ya parafini kapena ya sola pachipatala chaching'ono, mabotolo a ayezi m'bokosi, ndi kachizindikiro ka pabotolo kamene kamada katemera akatenthedwa. Mlangizi akaona kuti kada amataya botololo, ngakhale amayi atafola kale.

Pamene unyolo wofikitsa katemera kwa ana wadukira, matenda amalowerapo. Chikuku chimafuna kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 akhale otetezeka kuti chisapeze njira yofikira makanda ndi odwala amene sangathe kulandira katemera. Mu 2010, ana osatetezeka atachulukana mwakachetechete, chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, ndipo pafupifupi 300 anamwalira. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, koyamba kuchokera mu 1992, ndipo kachilomboko kanapezeka kuti gwero lake ndi ku Pakistan. Alangizi anabwereranso khomo ndi khomo, kudonthezera ana katemera m'kamwa n'kuwapaka inki pachala.

Pa 23 Epulo 2019 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S pa sikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Uyu sateteza kotheratu ngati wa nthomba, ndipo salowa m'malo mwa neti, komabe m'madera amene anaperekedwa imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Amabayidwa kanayi: mwana ali ndi miyezi 5, 6, 7, kenako 22. Atatu oyambawo savuta kwenikweni chifukwa mayi amakhala akubwerabe ku sikelo mwezi ndi mwezi. Wachinayi ndiye amene ana ambiri amamuphonya, chifukwa pofika miyezi 22 mwana akuthamanga yekha, mwina kumsana kuli kale mng'ono wake, ndipo zimatengera mlangizi kutsegula kaundula wake n'kupalasa njinga kukam'funafuna kumudzi.