Sukulu ya ubusa ya Lutheran: zaka zisanu ndi ziwiri, mayiko awiri

Ku Mzimba boma ndi kummwera kwake, kumene CCAP inazika mizu kalekale, ambiri amati Lutheran ndi mpingo wa dzulodzulo wopanda sukulu ya abusa. Kusokonezekaku n'komveka, chifukwa mipingo ikuluikulu ya dzinali ilipo iwiri. Wa Evangelical Lutheran Church in Malawi unayamba mu 1982 ndi Amalawi obwerera kuchokera ku Tanzania. Wina, wa Lutheran Church of Central Africa, ndi wakale kuposa pamenepo, ndipo sukulu yake ya ubusa ili ku Lilongwe. Mbiri ya sukuluyi ikuonetsa kuti maphunziro anakula mozama, koma m'lifupi anatsalira.

Amishonale a sinodi ya Wisconsin ya ku America anayamba ntchito ku Lusaka mu 1953, nafika ku Blantyre mu 1963. Sukulu ya Baibulo anaitsegula ku Lusaka mu 1964, seminale mu 1969, kotero Mmalawi wofuna ubusa ankayenera kudutsa malire. Lutheran Bible Institute ya ku Lilongwe inadzatsegulidwa mu 1981.

Chimene chinaumba sukuluyi monga tikuidziwira lero ndi mgwirizano wogawana ntchito pakati pa mbali ya Malawi ndi ya Zambia. M'malo moti dziko lililonse likhale ndi sukulu zonse ziwiri, Lilongwe anatenga chiyambi, Lusaka anatenga mapeto. Wophunzira amakhala zaka 3 ku Lilongwe pamodzi ndi anzake a ku Zambia, kuphunzira Baibulo, chiphunzitso cha mpingo, Chingerezi ndi Chigiriki, kenaka zaka 3 ku Lusaka, n'kumaliza ndi chaka choyeserera pansi pa mbusa wamkulu asanadzozedwe. Okwatira amapita ndi mabanja awo. Nzeru yake inali yooneka: aphunzitsi ochepa, mabuku ochepa ndi ndalama zochepa siziyenera kumwazidwa pawiri. Zipatso zake n'zosakanika. Ku seminale ya ku Lusaka n'kumene a Ernst Wendland, amene anathandiza kumasulira Buku Loyera, anaphunzitsa zaka zambiri, ndipo mbusa wodutsa m'manja otere amatsegula Chipangano Chatsopano m'chinenero chimene chinalembedwa. Koma khomo lake ndi lopapatiza. Mipingo ndi yoposa 100, abusa ndi makumi ochepa chabe, ndiye mbusa mmodzi amazungulira mipingo ingapo, ndipo Akhristu ena amadikira masabata kuti alandire Mgonero wa Ambuye.

Wina anganene kuti kuchedwaku n'kwabwino m'dziko limene munthu amadzuka m'mawa n'kudzitcha mneneri. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo sindikupempha kuti zaka zichepetsedwe. Ngakhale a Livingstonia, amene anafika mu 1875, anadikira mpaka 1914 kuti adzoze a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'zaka zodikirazo sanakhale manja lende. Ku Loudon, Embangweni ya lero, kumene a Donald Fraser anakhazikika mu 1902, ntchito inkayenda ndi aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, ndipo Angoni monga a Mawelera Tembo anapeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe akwawo. Mpingo unafika pakhomo la munthu mbusa wodzozedwa asanafike.

Apa ndi pamene njira ya Lilongwe ndi Lusaka imavutira mnyamata wa ku Jenda kapena ku Edingeni. Amaphunzira m'Chingerezi, amacheza m'Chichewa, koma adzalalikira m'Chitumbuka. Pamene iye ali pa maphunziro zaka 7, anzake amsinkhu wake apita ku Joni, amanga nyumba za malata ndipo akutumiza ndalama kwa makolo. Akabwerera, amapeza Akhristu odalira chimanga ndi fodya, amene chopereka chawo sichikwana kusamala mbusa ndi banja lake. Vutoli si la munthu mmodzi kapena ofesi imodzi. Ndi la maphunziro okhazikika pa thandizo la kunja otumikira mipingo yosauka. Kumanga nyumba zina ku Lilongwe sikungalithetse. Chofunika n'choti aphunzitsi a sukuluyi azitha masabata ena pa chaka m'madera ngati Mzimba, kusula akulu a mpingo m'Chitumbuka, popeza ndi iwowa amene amatsogolera mapemphero Lamulungu lililonse mbusa akakhala ku mpingo wina.