Nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi ndi Chiphunzitso cha Darwin

M'chaka cha 1859 munachitika zinthu ziŵiri zimene panthaŵiyo zinkaoneka zosakhudzana. Mu Sepitembala, David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malaŵi. Mu Novembala, ku London kunatuluka buku la Charles Darwin lotchedwa On the Origin of Species, lofotokoza m'mene mitundu ya zamoyo imasinthira.

Mfundo ya Darwin inali yotere: ana a kholo limodzi safanana ndendende, ndipo obadwa amachuluka kuposa chakudya. Amene matupi awo ali oyenerana bwino ndi malo awo ndiwo amapulumuka nabereka, ndipo ana awo amatengera zomwezo. Monga mlimi asankha ngala zabwino za chimanga kuti zikhale mbeu, chomwechonso njala, adani ndi nyengo zimasankha zamoyo. Ikapita mibadwo yambirimbiri, mtundu umodzi umagaŵikana nkukhala mitundu ingapo.

Darwin sanaione nyanjayi, komatu umboni wa mfundo yakeyo unali kusambira m'menemo. John Kirk, amene ankayenda ndi Livingstone, anatumiza nsomba za m'nyanjayi ku England, ndipo Albert Günther anazifotokoza mu 1864. Mu 1935, Ethelwynn Trewavas anandandalika mitundu ya nsombazi ya m'banja la cichlid, ndipo m'zaka za m'ma 1950, Geoffrey Fryer anafufuza moyo wa mbuna ku Nkhata Bay.

Lero kukudziŵika kuti m'nyanjayi muli mitundu ya cichlid yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Kafukufuku wa chibadwa cha nsombazi amene anafalitsidwa mu 2018 anasonyeza kuti yochuluka inachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosapitirira miliyoni imodzi. Poyerekeza ndi zaka zoposa 3,500 miliyoni zimene moyo wakhala ulipo padziko lapansi, nthaŵi imeneyi ndi dzulodzuloli.

Kodi kholo limodzi linabala bwanji mitundu yonseyi? Choyamba ndi chakudya. Mbuna zimapala ndere pamiyala, utaka umadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ncheni zimasaka usipa, pamene kaligono amagona pamchenga ngati wakufa kuti agwire tinsomba tomuyandikira. Kamwa ndi mano a mtundu uliwonse zinasintha molingana ndi kadyedwe kake.

Chachiŵiri ndi kupatukana. Mbuna zambiri sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa, kotero ana amakulira pamiyala ya makolo awo. Yaikaziyo imasankhanso yamphongo poona maŵanga ake. Motero magulu a pa zilumba zosiyana amanka nasiyana, kufikira ataleka kukwerana.

Chifukwa cha chuma chimenechi, malo otetezedwa a Lake Malawi National Park anakhazikitsidwa ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwa anthu onse a padziko. Koma malo otetezedwawo ndi kachigawo chabe ka nyanja. Dothi lokokoloka m'mapiri odulidwa mitengo limakwirira ndere pamiyala, ndipo maukonde a maso ang'onoang'ono amakokolola ndi ana omwe. Mitundu ina ya mbuna imapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Ikatha pamenepo, palibe kwina kokaitenga.