Makani a Olimbana: Njira Yoposa Ndi Iti?

Abale, m'caka ca 1882 Kano Jigoro anatsegula sukulu ya judo ku Tokyo, m'dziko la Japan, kuphunzitsa anyamata kulimbana ndi kugwetsana. Wophunzira wina wa sukuluyo, Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914, naphunzitsa a banja la Gracie. Iwowa anakonda kulimbana atagwetsana pansi, nayamba kulengeza kuti njira yao iposa zonse.

Tsono mu 1951, ku Rio de Janeiro, Masahiko Kimura wa judo anathyola mkono wa Helio Gracie pamaso pa khamu. Okonda judo anaona kuti mlandu watha. A Gracie anakana, nati Kimura analaka ndi kulemera kwa thupi. Mu 1993, ku Denver, Royce mwana wa Helio anagonjetsa amuna atatu usiku umodzi, ndipo makani anabukanso.

Cifukwa cace nciani? Munthu atama njira imene anaikhetsera thukuta, pakuti kuipeputsa ndiko kunyoza mphunzitsi wace. Wao akapambana, ati yapambana ndi njira. Akagonja, ati wagonja ndi munthu. Aiwala kuti nthambi ziwirizi zinaphuka pa tsinde limodzi.