Khofi wonyika m'madzi ozizira: kapangidwe kake ndi zoyenera kusamala

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, maboma a Machinga ndi Balaka amakhala ng'anjo. Ku Liwonde, Ulongwe, Utale ndi madera ena a m'chigwa cha mtsinje wa Shire, kutentha kumatha kupyola madigiri 35 masana, moti ambiri safunanso kumva za chakumwa chamoto. Thobwa, madzi a malambe ndi mafilizesi ndizo zimayenda malonda. Komatu okonda khofi sayenera kudikira kuti mvula igwe. Pali njira yopangira khofi osamuthira madzi otentha, yomwe pa Chingerezi imatchedwa cold brew. Njirayi siilira makina kapena magetsi, koma ili ndi lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa: popeza khofiyu sadutsa pamoto, madzi ake ayenera kukhala otetezeka asanakumane ndi khofi.

Kodi ndi khofi wotani?

Uyu ndi khofi wosinja amene amanyikidwa m'madzi ozizira kwa maola pakati pa 12 ndi 24, kenako n'kusefedwa. Ntchito imene madzi owira amagwira m'mphindi zinayi kapena zisanu, madzi ozizira amaigwira pang'onopang'ono usiku wonse. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Khofiyu ndi wosiyana ndi uja amaphikidwa ndi madzi otentha kenako n'kumusiya kuti azizire kapena kuponyamo ayezi. Khofi wophika akazizira amayamba kuwawa ndipo fungo lake limathawa. Wonyika amamveka wofewa pakhosi, ndipo ambiri amamumwa ndi shuga wochepa kapena wopanda shuga n'komwe.

Anthu ena amakhulupirira kuti khofi wonyika alibe asidi. Kafukufuku amene Niny Rao ndi Megan Fuller a pasukulu ya ukachenjede ya Thomas Jefferson ku America adatulutsa mu 2018 adapeza kuti pa muyeso wa pH mitundu iwiriyi siisiyana kwenikweni, chifukwa yonse idali pakati pa 4.85 ndi 5.13. Kusiyana kudali koti madzi otentha amatulutsa asidi wochuluka kuchokera m'njere za khofi kuposa madzi ozizira. Choncho khofi wonyika amakoma mofewa, koma sikuti ndi mankhwala a anthu amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena chilungulira.

Njirayi si yachilendo padziko lapansi. Ku Japan, mumzinda wa Kyoto, kudatchuka kalekale kachitidwe kodonthezera madzi ozizira pa khofi kwa maola ambiri. Ku America, Todd Simpson adapanga chiwiya chonyikira khofi chotchedwa Toddy mu 1964, ndipo kampani ya Starbucks idayamba kugulitsa khofi wotereyu m'malo ake mu 2015. Kuchokera nthawi imeneyo chakumwachi chafala m'mizinda yambiri.

Khofi woyenera kugula

Zitini za khofi wosungunuka monga Ricoffy, Frisco ndi Nescafé, zomwe zimapezeka m'magolosale ambiri, si zonyika. Khofi ameneyu adaphikidwa kale kufakitale n'kuumitsidwa, ndipo akathiridwa madzi amangosungunuka. Chofunika ndi khofi weniweni wokazinga, kaya wa njere kapena wogaya kale.

Khofi wotere amalimidwa m'dziko mom'muno. Mbewuyi idafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera kumunda wa zomera wa mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo m'zaka za m'ma 1890 idali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, moti mtengo wa khofi udajambulidwa pachizindikiro cha boma la atsamunda la nthawiyo. John Buchanan ndi abale ake adali ena mwa oyamba kulima khofi wochuluka ku Zomba. Mitengo itatsika pamsika wa dziko lonse chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, azungu ambiri adatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi.

Lero khofi wa mtundu wa Arabica amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union m'mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi, Viphya, Nkhata Bay ndi Mzimba, komanso m'minda ikuluikulu ya kummwera monga Satemwa ku Thyolo ndi Njuli ku Chiradzulu. Arabica amafuna malo okwera ndi ozizira, kawirikawiri opyola mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Liwonde ali pamtunda wa mamita pafupifupi 500, n'chifukwa chake chigwachi chimabereka thonje, nandolo ndi malambe osati khofi. Amene sapeza mapaketi a khofi wa m'dziko muno m'sitolo zapafupi angathe kugula akapita ku Zomba kapena ku Blantyre.

Pogula, sankhani khofi wogayidwa mokhakhala. Njere zikhale ngati mchere wamiyala wosinja pang'ono, osati zosalala ngati ufa woyera. Khofi wosalala kwambiri amadutsa pansalu yosefera, amadetsa chakumwa ndipo amawawa. Amene wagula wa njere angathe kusinja mu kamtondo, koma kakhale kotsukidwa bwino ndi kouma. Kamtondo kosinjira nsinjiro, adyo kapena tsabola kamasiya fungo lake mu khofi.

Madzi ndiwo mwini nkhani

Tiyi ndi khofi wa masiku onse amatiteteza mosadziwa, chifukwa madzi ake amayamba awira. Khofi wonyika alibe chitetezo chimenechi. Mphamvu ya khofi payokha si yodalirika kupha tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba.

Kwa anthu a ku Machinga iyi si nkhani yongomva. Mliri wa kolera umene unduna wa zaumoyo udalengeza mu Malichi 2022 udayambira m'boma lomweli, mvula ya mkuntho ya Ana itangowononga zimbudzi ndi zitsime. Mliriwu udafalikira m'maboma onse a dziko lino ndipo udapha anthu oposa 1,700. Nako ku Balaka, damu la Mpira lomwe lili m'boma la Ntcheu ndipo limapereka madzi kumadera ambiri a bomali, lidauma mu 2018, zomwe zidachititsa mabanja kudalira mijigo ndi zitsime zosatetezeka. Mwezi wotentha, womwe khofi wozizira amafunika kwambiri, ndi womwenso madzi abwino amasowa.

Pali njira ziwiri zotetezera madzi. Yoyamba, yomwenso imapereka khofi wokoma, ndi kuwiritsa madzi mpaka abwadamuke, kenako kuwasiya azizire ali ovundikira. Pofuna kusaononga makala kapena nkhuni, wiritsani madziwa pamoto umene mwaphikirapo nsima yamadzulo. Yachiwiri ndi kuthira WaterGuard kapena kulorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, potsata muyeso wolembedwa, n'kudikira mphindi 30. Kulorini akachuluka amamveka mu khofi, choncho musapyoze muyeso.

Mijigo ina ya ku Balaka imatulutsa madzi amchere. Kuwiritsa sikuchotsa mchere, ndipo madzi otere amaononga kukoma kwa khofi. Ngati n'kotheka tungani madzi a khofi pamalo pomwe madzi ake samveka mchere.

Zofunika kukhala nazo

Pamafunika botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu lokhala ndi chivundikiro, monga la mayonezi kapena la jamu, kapenanso jagi yovundikira. Pamafunikanso kapu yoyezera, supuni, sefa ya tiyi, kansalu koyera ka thonje ndi botolo lachiwiri losungiramo. Nsalu ikhale yoyera yopanda utoto. Chitenje chatsopano chimasuluka, ndipo nsalu yochapidwa ndi sopo wonunkhira imapatsira khofi fungo la sopoyo. Mabotolo ndi nsalu zitsukidwe ndi madzi otentha musanayambe, ndipo manja asambidwe ndi sopo.

Kapangidwe kake

Muyeso wosavuta kukumbukira ndi kapu imodzi ya khofi wosinja pa makapu anayi a madzi. Ngati kapuyo ndi ya mamililita 250, khofi wake amalemera magalamu pafupifupi 80 ndipo madzi amakwana lita imodzi. Paketi ya magalamu 250 imakwana kunyika katatu.

Thirani khofi m'botolo, kenako madzi. Takasani mpaka khofi yense anyowe, chifukwa wina amayandama pamwamba ali wouma. Vundikirani.

Amene ali ndi filiji aike botolo mmenemo kwa maola 18 mpaka 24. Amene alibe aliike pamalo ozizira kwambiri m'nyumba, kutali ndi dzuwa ndi mbaula, kwa maola osapyola 12. Nthawi yabwino ndi kunyika cha m'ma 6 koloko madzulo n'kusefa m'mamawa, kuti khofi asakhale m'botolo dzuwa likuswa mtengo. Kafukufuku wina wa akatswiri awiri omwe aja, wa mu 2017, adapeza kuti kafeini amakhala atatuluka mokwanira pakatha maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, choncho usiku umodzi ndi wokwanira. Kupyoza maola 24 sikuwonjezera kukoma, kumangobweretsa kuwawa.

Mtsuko wadothi ungathandize posowa filiji. Madzi amene amatuluka ngati thukuta kunja kwa mtsuko akamauma amachotsa kutentha mkati. Imikani botolo lotseka bwino mumtsuko wa madzi, kukamwa kwake kuli pamwamba pa madziwo. Mtsukowu ukhale wapadera, osati womwe banja limatungamo madzi akumwa.

Nthawi ikakwana, yalani kansalu pa sefa n'kutsanulira khofi pang'onopang'ono m'botolo lachiwiri. Lekani adonthe yekha. Kufinya nsalu kumakankhira fumbi la khofi m'chakumwa. Ngati pansi pakuoneka matope, sefaninso kachiwiri. Pa lita imodzi ya madzi mupeza makapu atatu kapena kupyola pang'ono, chifukwa madzi ena amatsalira m'zotsalira za khofi. Zotsalirazi musataye kudzala, ndi zabwino pa mulu wa manyowa.

Kamwedwe

Khofi wa muyeso umenewu amakhala wamphamvu. Ambiri amamusungunula ndi madzi kapena mkaka, theka khofi theka madzi, koma aliyense angathe kusintha malinga ndi kukonda kwake. Shuga sasungunuka msanga m'madzi ozizira, choncho yambani mwamusungunula m'timadzi totentha pang'ono. Mkaka uthiridwe m'kapu pa nthawi yakumwa, osati m'botolo losungira, chifukwa umasasa msanga. Mkaka wa ng'ombe wogula kwa alimi uyambe waphitsidwa.

Ayezi naye ndi madzi. Kuuma sikupha tizilombo tonse, choncho ayezi wogula m'timapepala amene simukudziwa kumene madzi ake adatungidwa angathe kuononga ntchito yonse yomwe mwagwira powiritsa madzi. Kukazizira, khofi yemweyu angathe kuthiridwa madzi otentha n'kumwedwa ngati khofi wamba.

Kasungidwe

Mufiliji yomwe ikugwira ntchito bwino, khofi wosefa wopanda mkaka ndi shuga amakhala mpaka sabata imodzi. Koma magetsi akathima kwa maola ambiri, filiji imasanduka kabati wamba. Zikatero imwani khofiyo tsiku lomwelo. Amene alibe filiji anyike wongokwanira tsiku limodzi, mwachitsanzo theka la kapu ya khofi pa makapu awiri a madzi. Monga momwe thobwa limasasira msanga mu Okutobala, khofi nayenso sachedwa kuonongeka pakatentha. Akayamba kununkha mosasa, kuchita thovu, kutelera kapena kuonetsa chuku pamwamba, atayidwe osalawa.

Ndani ayenera kusamala?

Chifukwa choti samveka kuwawa, khofi wonyika ndi wosavuta kumwa mopyola muyeso, makamaka munthu akakhala ndi ludzu. Kafeini wake sachepa poyerekeza ndi wa khofi wophika, ndipo akamwedwa osasungunula amatha kuchuluka. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA limati munthu wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 400 a kafeini patsiku, omwe ndi pafupifupi makapu anayi a khofi wamba. Kwa amayi oyembekezera, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la EFSA limaika malire pa mamiligalamu 200. Tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu nazonso zili ndi kafeini, ndipo ziyenera kuwerengeredwa pamodzi.

Odwala matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala. Ana asapatsidwe. Kafeini amakhalitsa m'thupi kwa maola angapo, moti womwa madzulo angathe kusowa tulo. Khofi ndi tiyi zimachepetsanso mphamvu ya thupi yotenga ayironi m'zakudya, choncho amene ali ndi vuto lochepa magazi asamwe pamodzi ndi chakudya kapena mapilitsi owonjezera magazi, koma adikire ola limodzi kapena awiri.

M'mabanja a Chisilamu, omwe ndi ambiri m'maboma awiriwa, khofiyu angathe kunyikidwa m'bandakucha mwezi wa Ramadan kuti amwedwe pofutulu, pokhapokha ngati pali filiji, chifukwa maola amenewo ndi a masana otentha. Womasula swaumu ayambe wamwa madzi, khofi abwere pambuyo. Chimodzimodzi alimi, akabaza ndi ogulitsa m'misika amene amakhala padzuwa tsiku lonse: khofi wozizira amatsitsimutsa, koma salowa m'malo mwa madzi akumwa.