Miyala Inayi ya ku Tenga

Kuno ku Angónia kulibe njanji. Mbatata ndi cimanga cathu zimayenda pa ngolo ndi pa malole, ndipo ambiri a ife sitima tinakaionera ku Malawi, pa Golomoti kapena pa Balaka, m'zaka zija tinali othawa nkhondo. Tsono nkhani ya ngozi ya sitima ingaoneke ngati ya eni ake a kumwera. Koma abale aphunzitsi, m'mbiri yonse ya njanji za Moçambique palibe ngozi inapha anthu ambiri ngati ya ku Tenga, ndipo acinyamata ambiri a m'makalasi mwathu sanaimvepo n'kamodzi komwe.

Tenga ndi kasiteshoni kakang'ono, makilomita 40 usanalowe mu mzinda wa Maputo, pa njanji yocokera ku Ressano Garcia, m'malire ndi South Africa. Linali Loweruka mbandakuca, pa 25 Maio 2002. Sitima ya tsikulo inali yophatikiza: mabogi ena ananyamula simenti wa ku South Africa, ena ananyamula anthu pafupifupi 600. Malinga ndi zimene akuluakulu a njanji anafotokoza pambuyo pake, sitimayo inavuta pamtsetse, patatsala makilomita 5 kuti ifike pa Tenga. Oyendetsa anamasula mabogi a anthu n'kuwasiya pomwepo, natsogola ndi a simenti, kuti akawaimike pa siteshoni kenaka abwerere. Kuti mabogi a anthu asasunthe, anapinga mawilo ndi miyala ikuluikulu inayi.

Apa ndiye tiime pang'ono, cifukwa nzeru imeneyi ife tikuidziwa bwino. Ndani mwa ife sanaikepo mwala kunsi kwa wilo la ngolo pokwera citunda, kuti ng'ombe zipume? Mwana aliyense wa ku Domwe kapena ku Tsangano amakula akudziwa zimenezi. Ndipo timadziwanso malire ake: mwala umagwira ngolo ya matumba khumi, koma mwini wake sapita patali, amaima pomwepo maso ali pa wilo. Pa Tenga miyala inauzidwa kugwira mabogi acitsulo odzaza ndi anthu, ambiri ali m'tulo, injini itacoka.

Miyala inathawa. Mabogi anayamba kutsetsereka okha, pang'onopang'ono poyamba, kenaka liwiro losaneneka, opanda wowaimitsa, mpaka anakaomba mabogi a simenti amene anali ciimire pa siteshoni. Mabogi awiri akutsogolo ndiwo anaphwanyika koopsa. Simenti anakhutukira anthu, moti ena sanafe ndi citsulo ai, anafa ndi kubanika. Anamwalira anthu 192, ovulala 167. Cipatala cacikulu ca Maputo cinadzaza, magazi opatsa odwala anaperewera, ndipo anthu a mu mzinda anapemphedwa kukapereka magazi ao. Pulezidenti Joaquim Chissano analamula masiku atatu a maliro m'dziko lonse.

Boma linati colakwa cinali ca anthu oyendetsa. Sitikutsutsa, analakwadi. Koma ife tikuona kuti yankho limeneli ndi lalifupi kwambiri. Munthu wa njanji amene wafika potola miyala m'thengo usiku ndiye kuti zina zimene zinayenera kumuthandiza zinatha kale. Ndipo ndani anaona kuti n'cabwino kumanga anthu 600 ndi simenti pa injini imodzi? Kumbukirani kuti panali patangopita zaka khumi nkhondo itatha mu 1992, ndipo njanji ndiyo inali imodzi mwa zinthu zimene nkhondo inazisakaza kwambiri.

Umboni wake tinali nao konkuno m'cigawo ca Tete. Njanji inafika ku Moatize mu 1949 kudzatenga malasha, itadzera pa mlatho wa Dona Ana, uja wa makilomita opitirira atatu ndi theka wolumikiza Mutarara ndi Sena, womangidwa kutha mu 1935. Mu 1986 mlathowo unaphulitsidwa. Caka ca ngozi ya ku Tenga, njanji ya ku Moatize inali itamera thengo, ndipo pa Dona Ana pankadutsa magalimoto. Malasha anayambanso kutsika ku Beira pa sitima mu 2011. Anzathu a kumwera anali ndi sitima yotopa, ife tinalibiretu.

Njanji ya Ressano Garcia inali italiritsapo kale anthu a dziko lino. Ndiyo njira imene amuna zikwizikwi ankapitira ku migodi ya ku Joni kuyambira pomwe inatsegulidwa mu 1895. Mu Novembro 1949, kutsidya kwa malire, pafupi ndi Waterval Boven, sitima yobweza anthu a ku migodi kwao inagwa pa mlatho usiku, ndipo anafa anthu oposa 60, pafupifupi onse a ku Moçambique. Anali atatsiriza kontalakiti, katundu wa ana ali m'masutikesi.

Cimene cimatiwawa m'nkhani zonsezi n'cakuti m'mabuku mumatsala manambala: 192, 167, 60. Maina amatsala ndi amasiye, ndipo amasiye akapita, apita nao. Kunonso tili ndi madoda amene anakwera sitima popita ku Joni, ku Salisbury ndi ku Wankie, ena a iwo anasiya anzao m'njira. Atsala ocepa, ndipo makutu ayamba kuwavuta.

Tikupempha mtsogoleri wa kalasi aliyense kuti mwezi uno aitane mdala mmodzi wotere adzakhale pa mkeka ndi ophunzira. Musam'fulumize. Mum'funse caka cimene anacoka, kumene anakwerera sitima, amene anapita nao, amene sanabwerere ndi mudzi wao. Ophunzira amene dzanja lakhwima alembe mau ake monga momwe akuyankhulira, osakonza. Amene angoyamba kumene alembe maina okha, dzina limodzi pa mzere umodzi.