Kulemera kwa Mawu pa Ukazembe: Canada ndi Saudi Arabia, 2018 mpaka 2023

Mbiri ya ubale wa mayiko imasonyeza kuti maboma sakonda kudzudzulana poyera pa nkhani za ufulu wa amayi. Kawirikawiri madandaulo otere amakambidwa m'zipinda zomata. Mkangano umene udabuka pakati pa Canada ndi Saudi Arabia m'chaka cha 2018 ukutithandiza kumvetsa zimene zimachitika boma likapatuka pa mwambo umenewu.

Pa 24 Juni 2018, Saudi Arabia idachotsa chiletso choti amayi asamayendetse galimoto. Chodabwitsa n'chakuti m'mwezi wa Meyi boma lomwelo lidali litamanga ena mwa amayi amene adamenyera ufuluwu, kuphatikizapo Loujain al-Hathloul, yemwe adaphunzira pa University of British Columbia ku Canada. Kumapeto kwa Julayi lidamanganso Samar Badawi ndi Nassima al-Sadah. Samar ndi mlongo wake wa Raif Badawi, mlembi amene mu 2014 adagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 ndi kukwapulidwa zikoti 1,000. Mkazi wa Raif, Ensaf Haidar, adali atangolandira kumene unzika wa Canada.

Boma la Justin Trudeau lidali litalengeza mu 2017 kuti thandizo lake ku mayiko ena lizitsogoza amayi ndi atsikana. Choncho pa 2 Ogasiti, nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, Chrystia Freeland, idalemba pa Twitter kudandaula za kumangidwa kwa Samar. M'mawa mwake unduna wake udapempha kuti omangidwawo amasulidwe nthawi yomweyo, ndipo pasadathe masiku, ofesi ya kazembe wa Canada ku Riyadh idafalitsa uthengawo m'Chiarabu.

Apa m'pofunika kusinkhasinkha za mawuwo. Pa ukazembe, kudandaula ndi kulamula n'zosiyana, ndipo malire ake amagona pa kasankhidwe ka mawu. Akuluakulu a ku Riyadh adatola mawu oti “nthawi yomweyo” ngati lamulo lochokera kwa mlendo, nanena kuti uku n'kulowerera nkhani za m'nyumba ya eni. Kumasulira m'Chiarabu kudasinthanso omvera: uthenga wopita ku boma udasanduka nkhani yofika m'makutu mwa nzika.

Yankho silidachedwe. Saudi Arabia idapatsa kazembe wa Canada, Dennis Horak, maola 24 kuti atuluke m'dzikomo, idaitanitsa kazembe wake, idaimitsa mapangano atsopano a zamalonda pamodzi ndi ndege zopita ku Toronto, ndipo idalamula ophunzira zikwizikwi omwe inkawalipirira sukulu ku Canada kuti achokeko. Mayiko omwe ndi abwenzi a Canada adangopinda manja. Boma la United States lidangoti mbali ziwirizo zikambirane zokha. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Komabe pali zinthu zimene mkanganowu sudakhudze. Mafuta a Saudi Arabia adapitiriza kufika ku Canada. Nalo pangano la 2014, la ndalama pafupifupi madola 15 biliyoni a Canada, logulitsa magalimoto ankhondo opangidwa ku London, m'chigawo cha Ontario, silidathetsedwe ngakhale Jamal Khashoggi ataphedwa mu Okutobala 2018.

Nanga amayi aja adapindulanji? Al-Hathloul adatuluka m'ndende mu Febuluwale 2021, ndipo Badawi ndi al-Sadah adatuluka mu Juni chaka chomwecho, patatha pafupifupi zaka zitatu. Ubale wa mayiko awiriwa udabwezeretsedwa pa 24 Meyi 2023, Trudeau ndi Mohammed bin Salman atakumana ku Bangkok mu Novembala 2022.

Ena angati Canada idalakwa kuyankhula poyera, popeza mawu ake sadatsegule chitseko cha ndende. Koma kukhala chete nakonso kukadauza amayiwo kuti palibe akuwakumbuka. Vuto lenileni silidali kuyankhula, koma kuyankhula popanda kukonzekera: popanda kumema anzake, ndiponso popanda mtima wofuna kutaya phindu la malonda a zida. Boma lodzudzulidwa limayesa mawu a mnzake poona zimene mnzakeyo ali wokonzeka kuluza. Riyadh idaona kuti Ottawa siikufuna kuluza kanthu, ndipo amayi aja adakhalabe m'ndende.