MBIRI YA MIBOWO: KUCHOKERA PA NKHOKWE KUFIKIRA PA MAKINA OSINDIKIZA NYUMBA

Lero tikamba mbiri ya chinthu chimene ambiri sachiyesa kanthu, ndicho mibowo. Kapena wina aseka nati, "Kodi bowo lili ndi mbiri?" Inde lili nayo, ndipo iyambira pakhomo panu pomwepo.

Tayang'anani nkhokwe yanu. Makolo athu sanaiumbe ngati mtsuko ayi. Anailuka ndi nsungwi zong'amba, naikweza pa nsanja kuti italikire chinyezi cha pansi. Pakati pa nsungwizo patsala timipata, ndipo mphepo ya mu June ndi July ipita m'menemo niumitsa chimanga chili m'makoko ake. Nkhokwe yopanda kanthu amuna owerengeka aisenza, koma ikakhala pamalo pake isunga ngolo zingapo za chimanga osaphulika. Mono nawo upitiriza madzi nugwira nsomba. Nzeru yake ndi imodzi: ikani mtengo pokhapo pamene pafunika mphamvu, kwinako siyani mpata.

Tsono tibwere ku Lilongwe. M'chaka cha 1965 Boma linatsimikiza zochotsa likulu ku Zomba. Ntchito yomanga inayamba mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko lino. Anthu anafika kuchokera m'maboma onse kudzafuna ntchito. Kawale ndi Biwi anadzaza, ku Area 23 ndi ku Area 25 kunamera nyumba zambirimbiri, ndipo ku Chinsapo ndi ku Mgona anthu anadzimangira okha mothinana. Aliyense anafuna nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Njerwa yotere ilibe mpata m'kati mwake, motero ilemera, idya dothi lambiri, ndiponso uvuni wake umeza nkhuni zochuluka. M'nyumbamo mu October mutentha ngati m'ng'anjo, n'chifukwa chake amisiri anzeru asiya mibowo ya mpweya pamwamba pa mazenera.

Njerwa ndi makala zinadya mitengo kufikira nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a m'tauni amwa. Zinthu zitaipa, mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo, ndipo mu 2018 Boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za Boma ndi zina zikuluzikulu.

M'zaka zomwezo, kutsidya kwa nyanja kunali kuchitika zina. Mu 1963 Ivan Sutherland wa ku America anasonyeza kuti munthu atha kujambula pulani pa kompyuta. Kajambulidwe kotere lero katchedwa CAD. Mu 1986 Chuck Hull, wa komweko, analandira chikalata cha umwini wa makina oumba chinthu potsata pulani ya m'kompyuta. Makina a mtundu umenewu agwira ntchito monga mayi woumba mbiya, amene asanjikiza dothi mzere pamwamba pa mzere kufikira mbiya itatha. Kusiyana kwake n'kwakuti makinawa asanjikiza pulasitiki, chitsulo kapena simenti.

Apa mvetsetsani bwino. Akatswiri ataona kuti makina atha kuumba maonekedwe alionse, anafunsa kuti, "Tidzaziranji m'kati monse?" Anayang'ana chisa cha njuchi ndi m'kati mwa fupa la ng'ombe, momwe muli timibowo tosawerengeka koma fupalo lisenza nyama yonse. Tsono lero mmisiri ajambula kachipinda kamodzi kokha ka timitanda topingasana, nauza kompyuta kuti ikabwereze kambirimbiri mpaka chinthu chonse chitadzaza. Pamene padzagwa katundu wolemera anenepetsa timitandato. Pamene palibe katundu akuza mibowo. Asanaumbe kanthu, kompyuta iyesa kulemera kwa katunduyo nisonyeza pamene padzathyoka. Pomaliza idula pulaniyo m'mizere yopyapyala, makina nayamba kusanjikiza. Woluka nkhokwe achita chimodzimodzi pamene aimika nsungwi zokhuthala naluka zopyapyala mopingasa.

Nzeru imeneyi yathandiza ngakhale odwala. Kuyambira mu 2007, ku Italy apanga ziwalo za m'chiuno za chitsulo chotchedwa titanium zokhala ndi timibowo, kuti fupa la wodwala limerere m'menemo ndi kugwirana ndi chitsulocho.

Makinawa anafika kwathu kuno mu 2020. Kampani ya 14Trees inabwera nawo kuchokera ku Denmark, nisindikiza nyumba yoyesera ku Lilongwe. Makoma ake anatha m'maola 12 okha. Pambuyo pake inasindikiza sukulu m'boma la Salima. Makoma anatha m'maola 18, ndipo ana anayamba kuphunziramo mu June 2021. Imeneyi inatchuka kuti ndiyo sukulu yoyamba pa dziko lonse lapansi yomangidwa motere. Makoma osindikiza kawirikawiri akhala ndi mphako m'kati, ndipo safuna nkhuni zootchera. Koma denga, zitseko ndi mazenera aika ndi amisiri athu omwe.

Musaganize kuti makinawa afika m'mudzi mwanu mawa. Mtengo wake ndi waukulu, afuna simenti yosakaniza mwapadera, magetsi ndi anthu ophunzira kuwayendetsa. Koma zilipo zimene mungathe kuchita chaka chino.

Choyamba, inu eni midzi, patulani malo obzalapo nsungwi m'mbali mwa mitsinje ndi m'madimba. Nsungwi ikadulidwa iphukanso, pamene mtengo wa m'thengo utenga zaka zambiri kuti ukule.

Chachiwiri, dziwani nthawi ya bowo ndi nthawi yotseka. Nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'dziko lino kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, aboola chimanga ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Motero umitsani chimanga m'nkhokwe ya mipata, koma chikauma gwa, chitonoleni ndi kuchisunga m'matumba osalowa mpweya, kapena thirani mankhwala monga akuuzirani alangizi a zaulimi.

Chachitatu, pomanga nyumba siyani mibowo ya mpweya m'mwamba mwa makoma, muikemo waya wa sefa woletsa udzudzu.

Chotsiriza, okalamba odziwa kuluka nkhokwe, madengu ndi mono asapite nalo luso lawo kumanda. Atumizireni anyamata aphunzire, osaleka sukulu. Dziko lidzafuna ana odziwa masamu amene manja awo adziwanso pamene chinthu chifuna mphamvu ndi pamene chifuna mpata. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Zimene mwamvazi mukakambirane pa bwalo ndi anthu anu. Tsalani bwino nonse.